Mudzi wa Asungwana Okhaokha

Kucokera pa Boma la Lundazi kufikira ku Chipata pali mtunda wa makilomita pafupifupi 180. Mseu umenewu umayendedwa caka conse ndi magalimoto onyamula thonje, cimanga ndi nshawa. Koma katatu pa caka, pamene sukulu zitsegulidwa, mabasi amasenza katundu wa mtundu wina: mabokosi acitsulo olembedwa maina ndi utoto woyera, ndowa, ndi matiresi omangidwa ndi mphira. Eni ace a katunduyo ndiwo ana opita ku sukulu zogonera komweko. Ena a iwo ndi asungwana amene anasankhidwa kukaphunzira ku St. Monica's, sukulu ya sekondale ya Mpingo wa Katolika imene iri pafupi ndi mzinda wa Chipata.

Ambiri a inu mwatsala pang'ono kutsiriza maphunziro a pulaimale, ndipo kapena mlongo wanu, kapena inu nomwe, mudzakwera basi imeneyo. Cotero nkwabwino kuti mudziwiretu m'mene anthu akhalira pa sukulu zotere. Coyamba kucidziwa ndi ici: sukulu yogonera komweko si nyumba zophunziriramo cabe ai. Ndi mudzi, wokhala ndi akulu ace, malamulo ace, minda yace ndi miyambo yace. Kusiyana kwace ndi mudzi wa kwanu nkwakuti nzika za mudzi umenewu ndi asungwana okhaokha, ndipo maudindo amene kumudzi apatsidwa kwa amuna, kumeneko asenza ndi iwo.

M'mene zinayambira

Ansembe a Katolika ochedwa White Fathers anamanga mishoni ya Kachebere m'caka ca 1903, pa malire a dziko lino ndi Malawi. Pambuyo pace mishoni zina zinamangidwa ku Minga, ku Chassa, ndiponso kuno kumpoto ku Lumezi ndi ku Kanyanga. Kuno anapeza amishoni a ku Livingstonia atakhazikika kale ku Chasefu. Mipingo yonse iwiri inatsegula sukulu za m'midzi, koma m'sukulu zimenezo anyamata ndiwo anali kudzaza mabenchi. Asungwana anali owerengeka, ndipo ambiri anali kuleka atangophunzira zaka ziwiri kapena zitatu.

Tisafulumire kunena kuti makolo a nthawi imeneyo anali osaganiza. Msungwana ndiye anali dzanja lamanja la mai wace: kusinja, kutunga madzi, kufuna nkhuni ndi kulera mng'ono wace. Akacoka iye, mtondo unali kusowa mwini. Ndiponso akatha msinkhu anali kulangizidwa ndi anamkungwi, ndipo posacedwa ukwati unali kufika. Kwa Atumbuka ndi Angoni ukwatiwo unali kubweretsa ng'ombe za malobolo m'khola la atate wace. Phindu la ng'ombe lioneka lero lomwe, pamene phindu la sukulu liri kutali. Makolo ena anali kuopanso kuti mwana akapita kwa Asisiteri adzasanduka Sisiteri iyenso, ndipo sadzawabalira adzukulu.

Ku sekondale kusiyanako kunali kwakukulu koposa. Sukulu ya Munali ku Lusaka inayamba kuphunzitsa anyamata maphunziro a sekondale m'caka ca 1939. Asungwana anayembekeza kufikira 1946, pamene Mpingo wa Methodist unatsegula makalasi otere ku Chipembi. Pa tsiku limene Zambia inalandira ufulu, 24 Okutobala 1964, dziko lonse linali ndi anthu akuda pafupifupi 100 okha otsiriza maphunziro a yunivesite, ndipo akazi pakati pao anali ocepa ndithu.

Mipata imeneyi ndiyo imene Asisiteri anayesa kutseka. A gulu la Sisters of Charity of Ottawa, limene linayambitsidwa ndi mai Élisabeth Bruyère ku Canada m'caka ca 1845, anafika ku Nyasaland m'caka ca 1946, nagwira nchito ku dera la Mchinji. Kucokera kumeneko anaoloka malire kudza ku Fort Jameson, ndilo dzina lakale la Chipata, kumene Episkopi wa nthawiyo, Ambuye Firmin Courtemanche, analinso munthu wa ku Canada. Iwowa ndiwo eni ace a St. Monica's, imene tsopano yaphunzitsa asungwana kwa zaka zoposa 50. Tsidya lija la malire ayang'aniranso sukulu ya asungwana ya Ludzi. Anyamata nawo ali ndi yao ku Chassa, ya Abale a gulu la Marist.

Sukulu zotere ziyendetsedwa ndi manja awiri. Malo, nyumba ndi mwambo wa pa sukulu nza Mpingo. Koma aphunzitsi ambiri alandira malipiro ao ku Boma, ndipo maphunziro ndi mayeso nzofanana ndi za m'sukulu zonse za m'dziko. Aphunzitsi si Asisiteri okha. Ambiri ndi amai ndi abambo wamba okhala ndi mabanja ao.

Nanga Monica amene anapatsa sukuluyo dzina anali yani? Anali mai wa muno m'Afrika. Anabadwa pafupi ndi caka ca 332 m'mudzi wa Thagaste, m'dziko limene lero lichedwa Algeria. Anakwatiwa ndi Patricius, munthu wa mtima wapacala ndi wosapembedza Mulungu wa Akristu. Ndipo mwana wace Augustine, ngakhale anali wanzeru zedi, anasiya ciphunzitso ca mai wace natsata njira zace. Monica sanatope. Anampempherera zaka zambiri, namlondola kuoloka nyanja kufikira ku Milan, kumene Augustine anabatizidwa ndi Episkopi Ambrose m'caka ca 387. Caka comweco Monica anamwalira pa doko la Ostia ali pa ulendo wobwerera kwao. Mwanayo ndiye anadzakhala Episkopi wa ku Hippo, ndi mmodzi wa aphunzitsi ochuka a Eklezia. Tsiku lokumbukira Monica ndi 27 Ogasiti, ndipo la mwana wace ndi m'mawa mwace.

Masiku oyamba

Kuti msungwana apeze malo pa sukulu yotere ayenera kukhoza bwino kwambiri mayeso otsiriza a pulaimale, amene akonzedwa ndi bungwe la Examinations Council of Zambia. Ofuna malo ngambiri, mabedi ngocepa. Kalata yomuitana imabwera ndi mndandanda wa zinthu zofunika: yunifomu, nsapato zakuda, bulangeti, ndowa, mbale, kapu, sopo, ndipo kawirikawiri khasu kapena cikwakwa. Atate agulitsa matumba a nshawa kapena mbuzi. Amai akazinga nshawa zotsala, nasinja cimponde, naika m'botolo. Kwa zaka zambiri mwana wotere anali kunenedwa kuti walowa Grade 8, nadzatsiriza ndi Grade 12. Kuyambira m'caka ca 2025 Boma linayamba kubwezeranso maina akale, kotero kuti olowa tsopano ayamba ndi Form 1.

Usiku woyamba ngwobvuta kwa aliyense. Mwana amene masiku onse anagona pa mphasa imodzi ndi ang'ono ace adzipeza ali pa bedi la yekha, m'nyumba yaitali yodzala ndi alendo. Ambiri amalira mwakacetecete atapfunda bulangeti kumutu, ndipo m'mawa palibe amene abvomera kuti analira. Pa sukulu zogonera komweko panali mwambo woipa wakuti akuluakulu azunze atsopano, kuwatuma kucapa zobvala zao ndi kuwalanda kamba wa kumudzi. Mwambo umenewu ngoletsedwa, ndipo wopezeka akuucita alangidwa kolimba. M'malo mwace asungwana ali ndi mwambo wina wokoma: wamkulu asankha wamng'ono mmodzi kuti akhale ngati mwana wace. Amsonyeza kokacapira, amphunzitsa kuyala bedi, ambwereka singano, ndipo akadwala amtengera cakudya. Ubale umenewu nthawi zina upitirira kufikira onse awiri atakhala nchembere.

Cina cimene cidabwitsa mlendo ndico malankhulidwe. Wa ku Lundazi afunsa "maji," wa ku Petauke ati "manzi," wa ku Katete ati "madzi," ndipo onse atatu aloza mpopi umodzi womwewo. Pofuna kunena kuti tsopano, Mtumbuka ati "sono," Mnsenga ati "lomba." Pali Akunda a ku Mambwe, Angoni a kwa Mpezeni, Asenga a ku Chama, ndi ena ocokera ku Lusaka ndi ku migodi. Pakapezeka Mbemba pamenepo, ndiye kuti cimbuya cayamba: iye awaseka anzace kuti adya mbewa, iwo ambwezera kuti kwao adya anyani, ndipo palibe wokwiya, pakuti ndiwo mwambo wa mitundu iwiriyi. Koma m'kalasi ndi pa bwalo la sukulu cinenero ndi Cingerezi. Mwana wa ku Lundazi ali ndi katundu wolemera pamenepa, cifukwa kunyumba analankhula Citumbuka, ku pulaimale anawerenga Cinyanja, ndipo tsopano afunika kuganiza m'Cingerezi. Miyezi yoyamba akhala cete ngati wosalankhula. Koma amene sacita manyazi kulakwitsa pamaso pa anzace ndiye amene lilime lace limasuka msanga.

Belu

Mfumu ya mudzi umenewu ndi belu. Kumudzi munthu ayang'ana dzuwa, ndipo akacedwa pang'ono palibe mlandu. Pa sukulu belu likalira, cimene unali kucita uleke pomwepo.

Belu loyamba lilira kusanace, nthawi yonga 5 koloko. Asungwana adzuka, napemphera mwacidule, nayala mabedi, nathamangira kukasamba. M'miyezi ya Juni ndi Julayi madzi a m'ndowa azizira ngati akuluma, ndipo pamenepo mpamene mwana akumbukira moto wa m'khichini mwa amai ace. Atasamba, yense apita ku gawo lace la nchito. Wina asesa bwalo, wina akolopa khonde, wina atsuka zimbudzi, wina athirira maluwa. Magawo amenewa asinthidwa nthawi ndi nthawi, kotero kuti mwana wa mwini sitolo wa m'tauni ndi mwana wa mlimi wa kwa Mwase agwira tsache limodzi lomwelo. Ici ncimodzi ca zinthu zabwino koposa za sukulu zotere. Yunifomu nayonso icita nchito yomweyo: zobvala za kunyumba, ndolo ndi zodzola zotsekemera fungo zitsala m'bokosi, tsitsi likhala lalifupi kapena lolukidwa mosadzionetsera, ndipo pa mzere sungadziwe wolemera ndani, wosauka ndani.

Atamwa phala asonkhana pa bwalo. Apemphera, aimba nyimbo ya fuko, namva zolengeza za mphunzitsi wamkulu. Ndipo maphunziro ayamba: Cingerezi, masamu, sayansi, mbiri yakale, za maiko, za cipembedzo, za malonda, za kompyuta, za kuphika ndi kusoka. Pa sukulu zoyamba za asungwana amishoni analimbikira kwambiri zophika, zosoka ndi zolera ana, pakuti anayesa kuti msungwana aphunzira kuti adzakhale mkazi wabwino wa mphunzitsi kapena wa kalaliki. Maganizo amenewo anatha. Lero msungwana alowa m'labotale, nayatsa moto wa gasi, nayesa mankhwala m'timabotolo ndi manja ace. Pa sukulu yosakaniza kawirikawiri anyamata ndiwo athamangira kutsogolo kukagwira zipangizo, asungwana nangoima pambuyo kulemba zimene anzao apeza. Pano palibe mnyamata woti umsiyire. Ukapanda kuyesa wekha, nchitoyo ikhala yosacitika.

Cakudya ca masana ndi ca madzulo ndi nsima. Ndiwo zace zimene sizisowa pa sukulu iriyonse yogonera komweko ndi nyemba ndi kabici. Masiku ena kapenta, ndipo nyama ioneka mwa kamodzikamodzi, tsiku limene aliyense afika pa tebulo nthawi isanakwane. Asungwana akhala m'magulu, gulu liri lonse ndi tebulo lace ndi wogawa wace. Wogawa wokondera sakhalitsa pa udindo, cifukwa maso onse ali pa cipande cace.

Dzuwa likapendeka ndiyo nthawi ya kumunda, ya masewera kapena ya timagulu. M'caka ca 1975 Pulezidenti Kenneth Kaunda analamula kuti sukulu iriyonse ikhale ndi gawo la ulimi ndi nchito zamanja, kuti izidzithandiza yokha. Kufikira lero sukulu zambiri ziri ndi dimba la repu, tomato ndi anyezi, zina ziweta nkhuku ndi nkhumba. Pamenepa mwana wa kumudzi ndiye mphunzitsi, ndipo wa m'tauni, amene anamseka dzulo cifukwa ca Cingerezi cothyoka, afunsa kwa iye kagwiridwe ka khasu.

Usiku, atatha kudya, onse abwerera m'makalasi kukawerenga paokha. Nthawi imeneyi aichula prep. Mphunzitsi saphunzitsa, pangokhala cete, aliyense ndi buku lace, kwa maora awiri kapena kupitirira. Anthu ambiri afunsa cifukwa cace sukulu za Asisiteri zikhoza bwino mayeso caka ndi caka, nayesa kuti pali cinsinsi. Cinsinsi cacikulu ndi maora amenewa. Taganizani za msungwana wophunzira moyendera. Akaweruka ayenda mtunda wautali, akafika apeza mtsuko ulibe madzi, ndiwo sizinaphikidwe, mwana akulira; pomwe atsiriza zonsezi kwada, ndipo nyali iribe mafuta. Mlongo wace wamwamuna nthawi yonseyo anali ndi mpata wotsegula buku. Sukulu yogonera komweko ibwezera msungwana maora amene nchito za pakhomo zinali kumlanda. Belu lomariza likalira nyali zizimitsidwa, ngakhale pafupi ndi mayeso sipalephera kupezeka wina wowerenga ndi toci m'kati mwa bulangeti.

Mapemphero

Popeza sukuluyo nja Mpingo, pemphero liri ponseponse: podzuka, poyamba maphunziro, pakudya ndi pogona. Lamulungu kuli Misa, ndipo asungwana eni ace ndiwo aimba m'kwaya, aomba ng'oma, agwedeza maseche, nawerenga mau a Mulungu pa guwa. Ambiri a iwo ali ang'ono anabvinapo m'gulu la Astella ku maparishi a kwao, motero nyimbo ndi mabvinidwe a kuchalichi sizikhala zacilendo. Caka ca Eklezia ciyenda pamodzi ndi caka ca sukulu. M'cigawo coyamba, mvula iri mkati, mufika Lacitatu la Phulusa ndi nyengo ya Lenti, pamene Lacisanu liri lonse ayenda Njira ya Mtanda. Mwezi wa Meyi ngwa Maria, ndipo mwezi wa Okutobala ngwa Korona. Madzulo a miyezi imeneyi asonkhana kupemphera pamodzi. Pa 3 Juni akumbukira Charles Lwanga ndi anzace, anyamata a ku Uganda amene anaphedwa cifukwa ca cikhulupiriro cao m'caka ca 1886, ena a iwo ali a msinkhu wa ana a sukulu.

Musaganize kuti ophunzira onse ndi Akatolika. Ambiri ocokera ku Lundazi ndi Chasefu nga CCAP, ena nga Reformed Church in Zambia, ena nga Anglican, ndi a mipingo ina. Sakakamizidwa kusiya mpingo wa makolo ao, koma ayembekezeka kulemekeza mwambo wa eni sukulu ndi kusonkhana pamodzi ndi anzao. Ndipo mantha aja a makolo akale sanapherezere: mwa asungwana mazanamazana otsiriza maphunziro, olowa Usisiteri ndi apo ndi apo.

Timagulu ndi masiku akulu

Pa sabata pali tsiku la timagulu, ndipo yense asankha kumene mtima wace ufuna. Okonda sayansi alowa JETS, gulu limene linayamba m'dziko lino m'caka ca 1968. Apanga zipangizo ndi zinthu zotolatola, napita nazo ku mpikisano wa sukulu za m'boma, wa cigawo, ndipo opambana afika ku mpikisano wa dziko lonse. Okonda masewero, ndakatulo, kwaya ndi magule a makolo apikisana pansi pa bungwe la NASAAZ. Kumeneko mungaone asungwana a yunifomu atamanga citenje m'cuuno, akubvina cimtali kapena citelele mwaluso kuposa ndi kumudzi komwe. Palinso a Girl Guides, a YCS, ndi a Legio ya Maria, gulu limene linayamba ku Dublin m'caka ca 1921, amene nchito yao ndi kupemphera ndi kuceza ndi odwala.

Koma gulu limene lisintha msungwana koposa onse, monga tionera ife, ndi la mtsutso. Kumudzi mwana wamkazi aphunzitsidwa kugwada, kuyang'ana pansi ndi kuyankha motsitsa mau. Ulemu umenewo ngwabwino, ndipo Asisiteri sauletsa. Koma pa mtsutso msungwana yemweyo aimirira pamaso pa anthu mazana, napatsidwa mphindi zowerengeka kuti agonjetse mnyamata wa sukulu ina ndi mfundo zace. Tsiku limene acita zimenezi koyamba miyendo injenjemera. Kaciwiri sinjenjemeranso.

Masewera akulu ndi necibo, mpira wamiyendo ndi mjaha. Sukulu igawidwa m'magulu ochedwa nyumba, iriyonse ndi mtundu wa nsaru yace, ndipo pa tsiku la mpikisano mau amatha ndi kukuwa. Pa 8 Malici akumbukira tsiku la amai, pa 12 Malici tsiku la acinyamata, ndipo pa 24 Okutobala tsiku la ufulu. Komabe tsiku limene liwerengedwa ndi zala ndi la kuceza kwa makolo. Amai afika ndi nkhuku yophika m'poto womangidwa pa nsaru, ndipo mabanja akhala m'mithunzi ya mitengo. Makolo a kutali, monga a kwa Magodi kapena a ku cigwa ca Luangwa kwa Kazembe, nthawi zambiri alephera kupeza ndalama za ulendo. Mwana wotere sasiyidwa yekha. Mai wa mnzace amuitana, namgawira nthuli, pakuti akulu anati mwana wa mnzako ngwako yemwe.

Akulu a mudzi

Pamwamba pali mphunzitsi wamkulu ndi womthandiza. Ku nyumba zogonamo kuli amatironi, amene ali ngati namkungwi wa mudziwo: ndiwo adziwa amene akudwala, amene sakudya, ndi amene walandira uthenga wa maliro. Koma ulamuliro wa tsiku ndi tsiku uli m'manja mwa asungwana eni ace. Caka ciri conse pasankhidwa mapulifekiti, wina wa cakudya, wina wa ukhondo, wina wa mapemphero, wina wa masewera, wina woliza belu, ndipo pamwamba pao pali mmodzi wochedwa Head Girl. Udindo umenewu ngwolemera, cifukwa nkobvuta kulemba dzina la mnzako wa pamtima pa pepala la olakwa. Ena alephera nayamba kukondera. Ena adzikuza nakhala ankhanza. Koma amene augwira bwino acoka pa sukulu atadziwa kale kuweruza mlandu ndi kutsogolera anthu, asanafike zaka 20.

Kale wolakwa anali kukwapulidwa. Lamulo la maphunziro la caka ca 2011 liletsa kumenya mwana pa sukulu iriyonse m'Zambia. Cilango ca masiku ano ndi nchito: kuchecha udzu, kukumba dzenje la zinyalala, kukolopa holo. Pa milandu yaikulu, monga kuba kapena kuturuka pa mpanda wopanda cilolezo, makolo aitanidwa, ndipo mwana angathe kubwezedwa kwao.

Zimene zicotsa msungwana pa sukulu

Si onse oyamba amene atsiriza. Mdani woyamba ndi kusowa kwa ndalama. M'caka ca 2022 Boma linacotsa malipiro a maphunziro m'sukulu zace, koma cakudya ndi malo ogona zilipiridwabe, ndipo sopo, nsapato ndi ulendo wa basi sizibwera zokha. Caka ca cilala, kapena pamene mtengo wa thonje wagwa, bedi lina lipezeka lopanda mwini. Ana a mabanja osauka angathe kupempha thandizo ku thumba la citukuko la CDF, kudzera m'makomiti a m'dera lao, ndipo nkofunika kuti makolo afunse msanga kalata ikangofika, osadikira tsiku lotsegulira.

Mdani waciwiri ayembekeza pa nthawi ya chuti. Mpanda wa sukulu ucinjiriza msungwana miyezi itatu, koma mwezi wacinai ali kumudzi, kumene anzace a msinkhu wace ena ali kale ndi ana kumbuyo, ndipo azakhali afunsa kuti adzadya liti za mwana wao. Cigawo ca Kum'mawa ndi cimodzi ca zigawo zimene maukwati a ana ang'ono acuruka. M'caka ca 2023 lamulo la maukwati linakonzedwa, kotero kuti ukwati wa munthu wosafika zaka 18 suwerengedwa konse, ngakhale ukhale wa mwambo wa makolo. Mafumu ambiri nawonso athetsa maukwati otere, nabwezera ana ku sukulu.

Nanga amene watenga pathupi ali pa sukulu? Kale ameneyo anali kucotsedwa, osabweranso, pamene mnyamata wocimwa naye anapitiriza maphunziro. Kuyambira m'caka ca 1997 Boma lilola kuti akabereka abwerere. Sukulu zambiri za mishoni zinazengereza kulandira lamulo limeneli, poopa kuti ena angatengere citsanzo, ndipo kawirikawiri zinasankha kumpezera mwanayo malo pa sukulu ina. Anthu atsutsanabe za nkhaniyi. Koma mbali zonse ziwiri zibvomerezana pa cinthu cimodzi, cakuti mwana ameneyo asathere pa mtondo.

Mayeso otsiriza alembedwa m'miyezi yotentha ya Okutobala ndi Novembala. Masabata amenewo sukulu ikhala zii, ang'ono ayenda monyang'ama podutsa pa holo, ndipo pacitika Misa yopempherera olemba. Atatsiriza pepala lomariza agawira ang'ono ao ndowa, mabuku ndi mabulangeti, nalemberana maina m'makope. Zotsatira zituruka patapita miyezi iwiri kapena itatu. Ena apita ku University of Zambia, imene inatsegulidwa m'caka ca 1966, ndi ku mayunivesite ena. Ena ku koleji ya aphunzitsi ya ku Chipata. Ena kukaphunzira unamwino ku cipatala ca St. Francis ku Katete kapena ku Mwami. Mukadzapita ku cipatala ca Lumezi kapena ca pa Boma, kapena mukakhala ndi mphunzitsi wamkazi m'kalasi mwanu, mumfunse mwaulemu kumene anaphunzira, ndi nchito imene anapatsidwa m'mamawa wa tsiku lace loyamba.